Ndiwo Yogona pa Tishu

Ndinakulira ku Dedza, kumene munthu ukaona mbewa umayamba kuganiza za mchere. Lero ndimakhala ku Leicester, ndipo m'nyumba mwanga muli mbewa yokhala ndi dzina, pogona pake ndi dokotala wake. Eni dziko kuno amati hamusita. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 8, anaitcha Biscuit. Bambo anga, amene anabwera kudzationa kwa miyezi itatu, anangoiyang'ana kamodzi n'kuitcha Ndiwo.

Pakauntala

Lamulo la kuno la Animal Welfare Act la 2006 sililola kugulitsa chiweto kwa mwana wosakwana zaka 16. Ndiye amene anakaima pakauntala ndine, bambo wandevu zake, kugula mbewa ndi khadi la kubanki.

"Munasungako kanyama kotere?" anafunsa mtsikana wogulitsa.

"Kambirimbiri."

"Kankakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka nsima ipse."

Yankho limeneli ndinalinena m'Chichewa. Mwana wanga, amene Chichewa amachimva pokhapokha chikamamuchititsa manyazi, anandiponda phazi.

Khola la waya

Mtengo wa khola la m'sitolo unandiumitsa kukhosi, ndiye ndinakhoma langa. Ndinalipanga ngati la akalulu kwathu, pansi pa waya, kuti ndowe zizidzigwera zokha. Ndinadzitama sabata yonse.

Sabata yachiwiri Biscuit anayamba kuyenda ngati mayi wovala gogoda pamsewu wa miyala. Dokotala wa ziweto anatembenuza timapazi take n'kundionetsa: tofiira, totupa. Anandiuza kuti waya amatupitsa timapazi, zilonda zimayamba, mafinya n'kulowa, ndipo mwendo ukakodwa pabowo ukhoza kuthyoka. Pansi pa khola pazikhala pogwirana, posalala, ngakhale gudumu lothamangapo lisakhale la waya.

Ndalama imene ndinasiya kumeneko, ku Dedza ikanagula mbuzi. Yabere.

"Mbewa yapita kuchipatala pagalimoto," anatero bambo anga titabwerako. "Ine dzino lidandisautsa mwezi wathunthu, ndidapita panjinga."

Utuchi waulere

Mnzanga wina, kalipentala amene anayambira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, anandipatsa thumba la utuchi wa paini. Waulere, wonunkhira, nyumba yonse kumveka ngati shopu ya mipando. Usiku womwewo m'khola munayamba kumveka tsi! tsi! tsi!

"Iwe, Ndiwoyi yayamba kufwenkha fodya?" anafunsa bambo anga.

Fungo la paini ndi la sida limachokera ku mafuta a mumtengomo. Ndi mafuta amtundu womwewo amene amachititsa kuti thabwa la mkungudza wa ku Mulanje chiswe chizilithawa. Tsono fungo limene chiswe chikulithawa, ine ndinayalira kanyama kamene mphuno yake imakhala pansi usana ndi usiku. Mafuta amenewa amapweteka mapapo, ndipo utuchi wosalala ngati ufa umalowa m'maso ndi m'mphuno. Zoyenera kuyala ndi mapepala ofewa opangidwira ntchito imeneyi, kapena zopalidwa za mtengo wa aspen, umene ulibe mafuta otero, bola zikhale zopanda fumbi.

Mayi akunyumba anati ngati vuto ndi fungo la paini, m'sitolo muli zoyala zina zonunkhira maluwa.

"Apongozi," anatero bambo anga mwaulemu wonse, "ine ndagwira mbewa kuyambira nthawi ya Kamuzu. Yodzola pafyumu sindidaionepo."

Tinazisiya m'sitolo momwemo. Zonunkhira zimasangalatsa mphuno ya wogula, pamene wogonapo amangoyetsemula.

Thonje la pinki

Kuzizira kutayamba, mayi anabwera ndi paketi ya thonje la pinki, lofewa ngati mtambo, kunja kwake atajambulapo hamusita ikumwetulira. Mwana anaomba m'manja. Bambo anga anatenga paketiyo, natsinako pang'ono, n'kuyamba kukoka. Ulusi unatalika, osaduka. Anauzengereza kuchala mpaka nsonga ya chala inada. Kenaka anapempha makapu awiri a madzi. M'modzi anaponyamo thonje, mwinamo kachidutswa ka tishu, n'kutakasa ndi supuni. Tishu anasungunuka. Thonje linangoyandama, lili mwaa.

"Ili ndi khwekhwe," anatero. "Ndatchera misampha moyo wanga wonse, msampha ndimaudziwa ngakhale ataupaka pinki."

Madala sanalakwe. Hamusita imatuta zomangira masa ake m'masaya, ndipo zina imameza. Thonje silisungunuka m'mimba, limatseka matumbo. Ulusi wake ukazenga mwendo magazi amaleka kuyenda, mwendo n'kufa. Mabungwe oona za nyama kuno, RSPCA ndi PDSA, amachenjeza za thonje limeneli, koma m'masitolo ena likadalipobe. Zidutswa za nsalu nazo zili ndi vuto lomwelo la ulusi. Chimene chimafunika ndi tishu woyera, wosanunkhira, womung'amba mizeremizere, n'kumusiya pakona. Mwini wake amatuta yekha n'kumanga mmene akufunira.

Chiyambire tsiku limenelo tishu m'nyumba muno sakhalitsa. Lamlungu lina ndinakuwa ndili kuchimbudzi kuti wina andipatsire. Kunja kunamveka timawu:

"Adadi, womaliza ndapatsa Biscuit. Mudikire amayi abwere kokagula zinthu."

Nyuzipepala

Ndinati tishu wakwera mtengo, bwanji nyuzipepala zakale. Mwana anakana, ati inki imathimbirira m'thupi ndipo kanyamako kamatafuna chilichonse.

"Mumvere mdzukulu wangayo," anatero bambo anga. "Komanso ikawerenga mitengo ya zinthu m'menemo idwala BP, ubwererenso kwa dokotala uja."

Bafa

Mayi anateleka madzi kuti Biscuit asambe. Mwana anatchinga khola ndi manja onse awiri. Hamusita sisamba madzi, imazizidwa msanga, ndipo madzi amachotsa mafuta a muubweya wake. Imasamba mumchenga wouma, wosefa bwino, wopanda fumbi, kugubuduka ngati nkhuku paphulusa. Ine ndinati mchenga wa mphaka wa aneba ulipo, tingopemphako. Ayi ndithu: umenewo ukanyowa umaundana, ndipo ukamezedwa umakaundana m'mimba.

Bambo anga anaonerera Biscuit akugubuduka m'kambale kake, napukusa mutu.

"Mchenga wogula. Ku Linthipe uli mbwee, palibe ndi mmodzi yemwe waulemererapo."

Chikonkhekonkhe cha usiku

Mapepala ofewa aja ndinkawawaza mmene timawazira mchere m'ndiwo, kungoti pansi pasaoneke. Usiku uliwonse Biscuit ankatafuna zitsulo za khola, kwe! kwe! kwe! mpaka mbandakucha. Tsiku lachinayi bambo anga anatuluka m'chipinda atafunda bulangete, maso ali psuu, n'kundikhazika pansi ngati ndili Sitandade 3.

"Iwe, wakumba mauna angati pamoyo wako? Waiwala? Una umakhala ndi njira yolowera. Uli ndi chipinda cha masa, pogona. Uli ndi nkhokwe. Uli ndi mbuli yothawira zinthu zikavuta. Tsono iwe watenga mwini zonsezo wamuika pabwalo la mpira, ukudabwa kuti akulira?"

Mwana anathamangira pakompyuta kuti awatsutse agogo ake, koma anabwerako atafatsa. Ofufuza a ku Bern, ku Switzerland, anasindikiza mu 2006 zimene anapeza atasunga mahamusita pa zoyala zakuya mosiyana: masentimita 10, 40 ndi 80. A pa 10 ndiwo ankatafuna kwambiri waya. Amene anapatsidwa zakuya anakumba mauna, ndipo a pa 80 sanatafune waya m'pang'ono pomwe. Alangizi a ziweto kuno amati zoyala zisachepere masentimita 25, ndipo uzizitsindira ndi dzanja kuti una usagumuke.

"Anthu adapita kuyunivesite kuti akadziwe kuti mbewa imakumba?" anafunsa madala. "Akadabwera ku Dedza ndi botolo limodzi la Fanta, ndikadawauza."

Tinagula khola lakuya, n'kuthiramo mapepala mpaka kufika m'chigongono. Biscuit analowa pansi ngati madzi. Phokoso linatha. Masiku atatu osamuona, kungoona kuti mbale ya chakudya yapululuka.

"Tsopano ndiye mukuweta mapepala," anatero bambo anga, n'kukagona tulo tabwino.

Mlenje wa ku Aleppo

Usiku wina mwana anawafotokozera agogo ake kumene Biscuit anachokera. Mu 1930 katswiri wa zinyama wa pa Hebrew University ku Jerusalem, Israel Aharoni, anapita kufupi ndi Aleppo, ku Syria. Anthu amene anali nawo anakumba m'munda wa tirigu kupitirira mamita awiri, n'kupeza make ndi ana ake m'masa. Ena mwa anawo atafika ku Jerusalem anaboola khola la matabwa n'kuthawa. Ochepa amene anatsala anaswana, ndipo mahamusita ambiri amtundu umenewu amene ali m'nyumba za anthu lero ndi zidzukulu zawo.

Bambo anga anamvetsera mwachidwi, monga mlenje akamamva za mlenje mnzake.

"Adakumba mamita awiri?"

"Eya, agogo."

"Napeza make ndi ana?"

"Eya."

"Osadyapo ngakhale imodzi?"

"Agogo!"

"Ndiye kuti kunyumba kudali ndiwo ina."

Tsiku losesa

Mayi akunyumba ndi munthu waukhondo. Loweruka lina anakhuthula khola lonse, kulitsuka mpaka kuwala, n'kuthiramo zoyala zatsopano zokhazokha. Biscuit atabwezedwamo anazungulira ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika. Maso a hamusita saona patali, njira zake imazidziwa ndi mphuno, ndiye ukachotsa fungo lake lonse wafufuta mudzi wake. Chofunika ndi kuchotsa tsiku ndi tsiku pakona pamene yanyowetsa ndi zakudya zimene zingaole, ndipo posintha zoyala uzibwezeramo zina zakale zouma.

M'zokhuthulazo tinapezamo nkhokwe: chimanga, mpendadzuwa, ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Dzina lenilenilo la hamusita ndi lapachibale ndi mawu a Chijeremani otanthauza kuunjika chakudya. Koma mtedza wokazinga m'nyumba muno anali nawo ndi munthu mmodzi yekha, amene anabwera nawo kuchokera ku Dedza, ndipo ife ankatipatsa mowerenga.

Tonse tinawayang'ana madala. Iwo anayang'ana kudenga.

"Mtedzawo ndi wopanda mchere," anatero. "Komanso m'nyumba muno wanzeru ndi ameneyu. Inu mumagula chakudya cha sabata imodzi. Mnzanuyu ali ndi cha mpaka Febuluwale."

Ukwati

Mayi anamva chisoni kuti Biscuit akusungulumwa, bwanji timupezere mnzake. Mwana anati hamusita ya ku Syria imakhala yokha, ukaika ziwiri m'khola limodzi zimamenyana mpaka ina kufa. Ndinayembekeza kuti bambo anga, amene umbeta amadana nawo, atsutsa. Koma anangogwedeza mutu.

"Akuluakulu adanena kale: mbewa zikachuluka siziika masa. Musiyeni. Mwina adaonapo maukwati a anzake."

Usiku wotsiriza

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere, ndinadzuka cha m'ma 2 koloko kukamwa madzi. Pabalaza nyale yaing'ono inali ikuyaka. Bambo anga, munthu amene anandiphunzitsa kufukiza utsi kuuna ndi kubaya mbewa pampani, anali atagwada pakhola, akung'amba tishu mizeremizere, akumupatsira Biscuit umodziumodzi. Biscuit ankalandira, kulonga m'masaya, kutsikira pansi, n'kubwereranso.

"Bambo, mukutani?"

Anadzidzimuka, nabisa tishu kumbuyo.

"Ndikuinenepetsa. Ndiwo yowonda sikoma."

Pano ali ku Dedza. Lamlungu lililonse amaimba pa WhatsApp. Ine sandifunsa za ntchito, apongozi awo amangowapatsa moni wachidule, kenaka amatsitsa mawu kuti anthu a pakhonde asamve:

"Iwe, kumeneko kwazizira. Ndiwo mwaiyalira zokwanira?"