Ukaipa Dziwa Nyimbo, Ngakhale Uli Dothi

Akuluakulu akale ankati ukaipa dziwa nyimbo. Ankalangiza mnyamata amene nkhope inamukana kuti asangokhala duu pabwalo kudikira atsikana amuone, koma ayambitse nyimbo mpaka anthu aiwale za mphuno yakeyo. Malangizowa anali a anthu, koma kumpoto kwa Italy kuli minda imene inawamvera kuposa anthufe.

Dothi lokongola la kumeneko lili m'chigwa cha mtsinje wa Po, lachonde, lopanda chitunda, madzi osasowa. Amalimako chimanga, ndipo cha ku Vercelli ndi kwawo kwa mpunga. Dothi lotere silivutika n'kuimba. Ukabzalapo mpesa umangonenepa, masamba mbwee, zipatso zambirimbiri zamadzimadzi, ndipo vinyo wake kawirikawiri ndi uja umamwa lero mawa osakumbuka dzina.

Tsono kwerani kumapiri a Langhe, kufupi ndi tauni ya Alba. Dothi lake ndi lotuwa, dongo losakanikirana ndi laimu, pamalo otsetsereka oti ng'ombe yolima inkayamba yaganiza kawiri. Mpaka cha m'ma 1950 derali linkadziwika ndi umphawi, achinyamata akuthawira ku Torino kukagwira ntchito m'mafakitale a galimoto. Mphesa yakenso yotchuka, Nebbiolo, ndi yamakani. Imaphukira msanga koma kupsa imachita kuzengereza mpaka Okutobala, zinzake zitakololedwa kalekale, nkhungu itakuta mapiri. Vinyo wake safiira mokhutiritsa maso, ndipo ukamulawa akadali mwana amakumanga m'kamwa monse. N'chifukwa chake lamulo limati vinyoyu, wotchedwa Barolo, asatuluke miyezi 38 isanakwane, 18 mwa miyeziyo akhale ali mumgolo wamatabwa.

Akatuluka ndiye nyimbo ija imayamba. Katswiri amalowetsa mphuno m'tambula, kutsinzina, kugwedeza mutu, kenako n'kulengeza kuti akumva fungo la maluwa a rozi ndi phula. Inde, phula lomweli la pamsewu. Mlendo wina aliyense atakuuzani kuti chakumwa chanu chikununkha msewu, simungamuitanenso. Uyu mumamulipira, n'kumuthokoza. Lero hekitala imodzi yabwino ya Barolo imapitirira mayuro miliyoni imodzi, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linaika mapiriwa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Zidzukulu za amene anagulitsa kamunda kawo kuti apeze ya sitima yopita ku Torino, nkhaniyi musamaiyambitse pamaso pawo.

Ku Valtellina, kumalire ndi Switzerland, kunalibe ndi dothi lomwe loti liipe. Kunali miyala. Anthu anasanja miyalayo popanda simenti kukhala makoma otalika makilomita pafupifupi 2,500 mukawaphatikiza, dothi n'kuchita kusenza kumsana kuchokera kuchigwa. Masiku ano ena amatsitsa mphesa paphiripo ndi helikopita. Mphesa kukwera ndege, wokolola akutsika wapansi.

A ku Valpolicella, pafupi ndi Verona, anaona kuti kuipa kwachibadwa sikukwanira, n'kuganiza zowonjezera. Amathyola mphesa za Corvina ndi Rondinella zili bwinobwino, n'kuziyanika m'nyumba zopita mphepo kwa miyezi itatu kapena inayi ngati mfutso, mpaka zitachita makwinya ndi kupepuka pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Pamsika simungaziyang'ane kawiri. Koma m'makwinyamo ndi momwe mumachokera Amarone, vinyo wamphamvu yofika nthawi zambiri 15 peresenti kapena kuposa, amene matambula awiri okha amaphunzitsa nyimbo ngakhale munthu wamanyazi.

Chimene akuluakulu aja sanachione n'chakuti nyimbo ikayamba kulipira, anthu amayamba kunyadira kuipako. Werengani kuseri kwa botolo lodula. Dothi lathu ndi losauka, ndi lamiyala, mipesa yathu imavutika. Palibe amene amalemba kuti munda wake ndi wachonde, wotero amangokhala chete ngati wapalamula. Pakati pa chilimwe alimi ena amadula matsango abwinobwino n'kuwataya pansi kuti otsalawo akome. N'zoona zimathandiza, sindikutsutsa, koma kuona munthu akutaya zokolola kuti alemere kumafuna mtima wolimba. Matenda omwewa afika pa Facebook: bwana aliyense wa galimoto zitatu anapita kusukulu wopanda nsapato, ndipo mtunda umene ankayendawo umatalika chaka ndi chaka.

Choseketsa kwambiri chili ku Veneto. Vinyo wa Prosecco anatchuka chifukwa cha mapiri a pakati pa Conegliano ndi Valdobbiadene, otsetsereka moti m'malo ambiri amakolola ndi manja, mwendo wina kumtunda wina kumunsi. Mu 2009 malamulo anasintha: mphesa yake, imene inkatchedwanso Prosecco, inayamba kutchedwa Glera, dzina loti Prosecco linakhala la dera, ndipo deralo linatambasuka mpaka kuzigwa za Veneto ndi Friuli. Panopa dera lalikululi limatulutsa mabotolo oposa 600 miliyoni pachaka, ambiri ochokera kuminda yosalala kumene makina amakolola woyendetsa atakhala pampando. Wokongola uja wamva nyimbo ya mnzake, waiphunzira, ndipo akuigulitsa motchipa.