Walira Feteleza Walira Matope Ake

Akale amene anati walira mvula walira matope sankamudziwa Urea, koma atadzuka lero n'kuona mzere wa pa depoti mu Novembala, angangosintha liwu limodzi n'kubwerera kukagona. Mvula tikuilirabe, koma misozi yeniyeni ya mlimi wa ku Malawi imagwera thumba la makilogalamu 50. Kulirako si kwachibwana. Chimanga ndi mbewu yadyera, chimafuna nayitrojeni wambiri, ndipo munda womwe wakhala ukubereka chimanga chokhachokha kuyambira nthawi ya agogo ulibenso chopereka. Amene anaona zokolola za 2007, boma la Bingu wa Mutharika litayambitsa makuponi mu 2005, dziko lopempha chakudya n'kuyamba kugulitsa chimanga ku Zimbabwe, sangapeputse feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Mvula nayo inagwa bwino zaka zimenezo, kungoti mvula ilibe chipani, ndiye ulemu wonse unapita kwa thumba.

Matope ake ndiwo sitifuna kuwaponda. Feteleza amadyetsa chimanga, nthaka n'kuisiya ndi njala yake. Urea akathiridwa yekhayekha zaka zambiri amawonjezera asidi m'dothi, ndipo dothi la asidi lopanda manyowa limasanduka mlamu wokonda kubwereka: ukam'patsa chaka chino, chaka chamawa abwera ndi vuto loposa lija, chobweza chake n'kumachepabe. Matope ena ndi a m'thumba la buluku. Urea amapangidwa ndi gasi m'mafakitale akunja, amadzera ku Beira kapena ku Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola omwe tilibe. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mayi wa ku Mchinji amene sanayambanepo ndi mzungu aliyense anapezeka ali m'nkhondomo ndi khasu lake. Thumba la feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya boma ya AIP lomwe linali K4,495 mu 2020 linafika K15,000 mu 2022, kwa amene dzina lake linapezeka pamndandanda, ena onse kwa venda. Chaka chomwecho ndalama za boma pafupifupi K750 miliyoni zinapita kwa kampani ina ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama kuti itibweretsere feteleza. Mwina wina anamva kuti ng'ombe zimatulutsa manyowa n'kuganiza zokambirana ndi eni ake.

Ena amati tingomusiya feteleza, tibwerere ku ulimi wa makolo. Sri Lanka inayesa mu 2021, inaletsa feteleza wa m'sitolo mwadzidzidzi, mpunga unalephera, ndipo chaka chisanathe lamulolo linafewetsedwa. Makolo athu ankatha kusiya munda kuti ugone n'kukatsegula mphanje kwina. Lero ku Thyolo mphanje ungaipeze kuti? Ena amaseka manyowa, amati banja la mbuzi zitatu silingadzaze ekala ndi zitosi, ndipo akunena zoona. Koma palibe amene akupempha mbuzi kuti zilowe m'malo mwa fakitale. Nkhani ndi yakuti feteleza yemweyo amabereketsa kwambiri akagwera m'dothi lokhala ndi zowolerana, lomwe limasunga chinyontho ndi chakudya kuti zisatsike ndi mvula yoyamba. N'chifukwa chake alimi ambiri akupanga feteleza wa Mbeya, kusakaniza wogula pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa. Nandolo, mtedza ndi soya zimakoka nayitrojeni mumpweya popanda kuponi, ndipo msangu umagwetsa masamba nthawi yadzinja, chimanga n'kumakula pansi pake osasowa dzuwa.

Chosavuta pa zonsezi ndi mapesi, omwe safuna ngolo kapena siginecha ya mfumu, amangofuna kusiyidwa m'munda kuti awole. Koma ikafika Ogasiti timawayatsa moto kuti mbewa zituluke, ndipo mtengo wa mpani umodzi wa mbewa pamsewu wa M1 muufanizire nokha ndi wa thumba la Urea kwa venda.