Nambala Yachinsinsi ya ku Chikamveka

Ku Chikamveka nambala yachinsinsi ya pafoni ili ngati imfa ya mfumu: mudzi wonse ukuidziwa, kungoti palibe woilengeza.

Agogo akafuna mayunitsi a magetsi sayamba ndi foni, amayamba ndi moni. Ajenti wa pansi pa ambulera amafunsidwa za ana, za chifunga cha ku Chawe, za mtengo wa chimanga ku Mpondabwino. Zikatha izi, foni imatuluka m'kansalu komanga mfundo ziwiri.

"Mwanawanga, tandidinireko. Zija zasamukanso."

Zasamukadi. Batani lotumizira ndalama mu pulogalamu ya pafoni mwezi watha linali pansi chakumanja. Lero lakwera pamwamba, lasintha mtundu, dzina lake lachoka, pangotsala kachithunzi ka ndege yapepala. Pomwe tsamba loyamba laika "bwererani", lachiwiri laikapo "tsimikizani", ndiye wofuna kuthawa ndi amene amalipira. Zilembo ndi zotuwa pamalo oyera, ndipo pa dzuwa la Okutobala ngakhale mandala a aphunzitsi opuma amagonja. Amene anazikonza anaziyesa mu ofesi yamthunzi, ndi maso a zaka 25.

Chonsecho ife a ku Zomba zosamukasamuka sititengana nazo. Likulu linatichokera mu 1975, mpaka lero tikuguguda. Koleji ya Chanco anaisintha dzina mu 2021, koma wakabaza mukamuuza china chosakhala Chanco akutulani pena. N'chifukwa chake ambiri amakakamira *211# ndi *444#, kumene chala chinaloweza njira, moti munthu amadina uku akukangana mtengo wa usipa.

Pofika pa nambala ija m'pamene ulemu wathu umaonekera. Ajenti amabweza foni ndi manja awiri n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri. Agogo nawo, poopa kuchedwetsa mwana wa eni, amamubwezera foniyo n'kutchula nambalayo mokweza, pang'onopang'ono, kawiri. Mayi wa mandasi wazyolika. Wakabaza akunamizira kupopa tayala. Kumbuyo kwa mzere mnyamata wa jekete watsokomola mwaulemu: "Pepanitu agogo, sabata yatha munati imathera 7."

"Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni."

Si kuti malangizo kulibe. Bungwe la W3C linatulutsa malangizo a WCAG mu 1999, ndipo a 2008 amanena poyera kuti chinthu chogwira ntchito imodzi chizidziwika mofanana pa masamba onse, komanso kuti zilembo wamba zisiyane kuwala ndi pomwe zalembedwa mwa muyezo wa 4.5 kwa 1. Kuno kwathu lamulo loteteza anthu aulumali linabwera mu 2012. Koma wosaona bwino akapatsidwa kandege kopanda dzina, foni yomuwerengera imangoti "batani", n'kukhala chete.

Inu achimwene okonza mapulogalamu, musanatisangalatse ndi maonekedwe ena atsopano, bwerani ku Chikamveka dzuwa lili paliwombo. Apatseni agogo foni, inu manja kumbuyo, pakamwa potseka. Akatumiza okha ndalamayo, batanilo mulisiye pomwepo.