Maso a Nkhono ndi Mkhristu wa Foni M'manja

Makolo amene anapeka mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" anali ataiyang'anitsitsa nkhonoyo, pakuti nkhono ya kumtunda ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tiwiri tatitali ta pamwamba, timene imatibweza m'kati ikangokhudzidwa. Motero munthu woitosa ndi kamtengo kuti ifulumire amangotsala ndi chigoba, kenaka amapita kukalengeza m'mudzi monse kuti nkhono ilibe maso. Pa nkhani ya kudziwa Mulungu, kumene akatswiri a zaumulungu amakusiyanitsa ndi kungodziwa za Mulungu, otosa ndi timitengo achuluka kwambiri chibwerere foni ya m'manja.

Khama la Mkhristu wotere limaoneka bwino pa 1 Januwale, pamene amalumbira kuti chaka chino amaliza Baibulo lonse. Masamu ake ngosavuta, chifukwa Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, ndipo wowerenga atatu kapena anayi patsiku amalimaliza Disembala asanathe. Genesis amayenda naye bwino, popeza m'menemo muli nkhani za maukwati, nsanje ya pachibale ndi kulandana madalitso, zimene sizisiyana kwenikweni ndi milandu ya pabwalo la amfumu. Eksodo amamupirira mpaka Aisraeli atawoloka nyanja. Koma pofika mwezi wa Febuluwale amakumana ndi Levitiko, buku la malamulo a nsembe, zakudya zodetsedwa ndi kayezedwe ka khate, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonera, ngakhale kuti foni, imene sidziwa manyazi, imapitiriza kuwakumbutsa m'mawa uliwonse kuti atsalira ndi masiku angati. M'malo mwa machaputala aja mumalowa vesi limodzi la pa gulu la WhatsApp, lolembedwa pa chithunzi cha maluwa, limene munthu amaliyankha kuti "Ameni" asanaliwerenge, n'kulitumiza kwa anthu khumi poopa tsoka limene lalonjezedwa kwa wolisunga yekha.

Ena amaganiza kuti chimene chikusowa ndi phokoso, ndiye amabwereka zokuzira mawu zazikulu n'kuchezera usiku wonse. Kupemphera usiku kulibe mlandu, ndipo Yesu mwini ankachezera kuphiri, koma Mauthenga Abwino sasonyeza kuti anthu a m'midzi yozungulira ankalephera kugona. Nkhani ya Eliya pa phiri la Horebu, yopezeka mu 1 Mafumu 19, imavutitsa okonda phokoso, chifukwa mphepo yamkuntho, chivomezi ndi moto zinadutsa Mulungu osapezekamo, ndipo mneneriyo anamuzindikira m'mawu apansipansi, amene pa msonkhano wa chitsitsimutso wa masiku ano akanaphimbidwa ndi kulira kwa jenereta.

Amene anabweretsa Malemba m'Chichewa anali ndi kudekha kumene lero kungatchedwe ulesi. Buku Lopatulika, limene ntchito yake yomasulira anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, linatenga zaka pafupifupi 20 lisanasindikizidwe mu 1922. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ankasunga munthu m'kalasi ya ukatekumeni, kutanthauza maphunziro okonzekera ubatizo, kwa zaka zinayi zathunthu. Mdzukulu wa katekumeni uja, amene sangapirire ulaliki wa mphindi 40 osasuzumira pa foni, amafuna mneneri womutchulira nambala yake ya lamya ndi dzina la azakhali amene anamutsekera mwayi, zonsezi zitheke minibasi yomaliza isananyamuke. Chodabwitsa n'chakuti nambalayo amaidziwa kale, ndipo akabwerera kunyumba amakhala atadziwitsidwa za iye mwini, osati za Mulungu.

Kudekha kumene mwambiwu ukunena si kukhala chete kwa munthu wogona, chifukwa wodikira nkhono ayenera kupenyetsetsa, apo ayi tinyanga tituluka iye akusinza. Ndi khama lobwerera pa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ngakhale pa masiku amene pemphero likuoneka ngati lathera padenga. Mose anaweta nkhosa za mpongozi wake Yetero ku Midyani kwa zaka 40 asanaone chitsamba choyaka osanyeka, ndipo atachiona anapatuka kuti achiyang'anitsitse. Mbusa wa nkhosa wa masiku ano akanachijambula msanga, n'kuchiika pa Facebook ndi pempho lakuti ofuna moto womwewo pa bizinesi yawo alembe "ndalandira", ndipo mawu omuuza kuti avule nsapato akanamupeza atatalikira kale, akufunafuna kachitunda kamene netiweki imagwira bwino.