Mmisiri mmodzi, zomanga zitatu

Apampando a makomiti a chitukuko kwa Kadewere, kwa Likoswe ndi kwa Mpama, tcherani khutu. Akatswiri oyendetsa mapulojekiti akufuna kukusokonezani ndi nzeru ziwiri. Yoyamba amaitchula kuti resource levelling: mmisiri akakhala mmodzi pomwe zomanga zili zitatu, azimange motsatizana, ngakhale tsiku lomaliza lisunthe. Pa yachiwiri, resource smoothing, tsikulo silisuntha. Mumangokankha ntchito zomwe zingathe kudikira, monga kupaka laimu, kuti anthu asapanikizike sabata ino n'kumawodzera sabata yamawa.

Musawamvere. Chitukuko chimakoma chikayamba ponseponse Lolemba limodzi. Mmisiri wanuyo akumbe maziko a kalasi ku Namitambo m'mawa, masana akathire konkire pa mlatho ku Thumbwe, dzuwa likamapendeka akhale akukhoma malata ku Mbulumbuzi. Akathera tsiku lonse pa kabaza, simenti n'kuumira m'wilibala, lembani mu lipoti kuti ntchito ikuyenda. Simunanametu: ili pamsewu.

Mu Julayi ndi Ogasiti, anthu atakolola, dzuwa lili phwee, musawavutitse ndi zikombole. Asiyeni asewere bawo. Aitaneni kudzaumba njerwa mu Disembala, aliyense ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ena ali paganyu. Njerwa za m'dzinja n'zaulemu, zimabwerera zokha kudothi komwe zinachokera, ndipo chaka chamawa mudzakhalanso ndi msonkhano wina wokambirana za njerwa, alawansi ili pomwepo.

Njirayi si yachilendo kuno. Azungu a minda ya ku Magomero ankafuna anthu pa thangata m'dzinja momwemo, minda ya eni ake ikulira khasu. Za momwe zinathera mu Januwale 1915, kafunseni ku Mbombwe kwa John Chilembwe.

Ndalama zisungeni mpaka Febuluwale. Chaka cha boma chimatha pa 31 Malichi, choncho mchenga, matabwa ndi miyala ya ku Njuli zibwere zonse sabata imodzi, pa lole imodzi, yomwe ikatitimire m'matope musanafike pasukulu.

Tsiku lotsegulira lokha ndiye musalisunthe, ngakhale denga kulibe. Pakani penti khoma loyang'ana kumsewu, mangani riboni, amayi avine. Koma apampando, chonde, mlendo wolemekezeka asazungulire kuseri.