Kasulidwe ka Aphunzitsi pa za Maloboti Popanda Kudetsa Loboti

Loboti ndi makina okhala ndi zigawo zitatu: sensa, yomwe ndi kachipangizo komva kuwala, kutentha kapena kutalika kwa chinthu, kakompyuta kotsatira malamulo olembedwa ndi munthu, omwe amatchedwa pulogalamu, ndiponso mota yozunguza matayala kapena kukweza mkono. Akatswiri a maphunziro, kuyambira Seymour Papert amene adapanga nawo chilankhulo cha kompyuta cha Logo mu 1967, akhala akunena kuti munthu amamvetsa makina otere akawalumikiza ndi manja ake, n'kulakwitsa, n'kuwamasulanso. Chiphunzitsochi n'choopsa kwa aliyense wokonza maphunziro a aphunzitsi m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, chifukwa chinthu chogwiragwira chimada, ndipo chinthu chakuda sichioneka bwino pa chithunzi cha mu lipoti lopita kwa opereka thandizo.

Wokonza wochenjera apewe TDC, malo amene aphunzitsi a zoni imodzi amakumanirana motsogozedwa ndi mlangizi wa sukulu za pulaimale, popeza kumeneko anthu amafika pa njinga n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe, ndipo chifukwa cholipirira alawansi yogona sichipezeka. Malo oyenera ndi loji yoyang'ana kunyanja, yomwe otsogolera ochokera ku Lilongwe angafikeko podzera ku Salima pa msewu wa M5. Tsiku loyamba liperekedwe lonse kwa mlendo wolemekezeka, amene mwamwambo wake amafika chambo cha nkhomaliro chili kale pamoto, ndipo maola otsalawo athere pa kusankha wosunga nthawi, wotsogolera mapemphero ndi woimirira anzake pa nkhani ya fomu yosainira ndalama, udindo womwe ndi wokhawo umalimbiranidwa moona mtima.

Tsiku lachiwiri ndi la Scratch, pulogalamu yaulere yomwe idatuluka ku yunivesite ya MIT ku America mu 2007, imene mwana amalumikiza timabokosi tamitundumitundu ta malamulo kuti kamphaka ka pa sikirini kayende, kalankhule kapena kavine. Vuto la Scratch n'lakuti ikakhala m'kompyuta imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti, ndipo mphunzitsi akaisiyiridwa kwa ola limodzi amayamba kufunsa mafunso amene wotsogolera sadawakonzekere. Pofuna kupewa chipwirikiti chotere, timabokosito tijambulidwe ndi maka pa pepala lalikulu lomata kukhoma, aphunzitsi atikopere m'makope, kenaka onse pamodzi abwereze tanthauzo la aligorizimu, lomwe ndi ndondomeko ya masitepe othetsera vuto, mpaka aliloweze. Aphunzitsi ambiri sadzadandaula, pakuti umu ndi momwe ena a iwo adakhozera mayeso a kompyuta asanaigwirepo.

Micro:bit, kakompyuta kokwana m'chikhatho kamene BBC idayamba kugawa m'sukulu za ku Britain mu 2016, kali ndi timagetsi 25 ndi mabatani awiri kutsogolo kwake, ndipo kamayaka ndi mabatire awiri ang'onoang'ono. Kameneka kaonetsedwe kali m'kathumba kake, kayende m'manja mwa a mpando wakutsogolo okha, kabwerere m'katoni. Mabatirewo asawonongedwe pa zachibwana, chifukwa rimoti ya pulojekita imawafunanso. Wina akafunsa kuti kompyuta adzailumikiza pati pa sukulu yake yopanda waya wa magetsi, akumbutsidwe mwaulemu kuti m'boma lomweli muli malo opangira magetsi a dzuwa, ndipo funso lotsatira liitanidwe msanga iye asanazindikire kuti magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, osati m'kalasi mwake.

Chofunika kusamala kwambiri ndi anthu a kunja kwa holo. Ana a ku Linga ndi ku Dwangwa amapanga galimoto za mawaya zokhala ndi chiongolero chokhotetsadi matayala akutsogolo, ndipo amakanika a pa doko amamasula injini ya boti n'kuibwezera popanda buku, zomwe zikanapatsa mphunzitsi poyambira pabwino pofotokoza za mota ndi magiya. Anthu oterewa asayandikire, pakuti alibe mapepala. Dzina la William Kamkwamba, amene ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo ku Wimbe m'boma loyandikana nalo la Kasungu pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, mapaipi apulasitiki ndi buku la mu laibulale, litchulidwe pa mawu otsekera okha, aphunzitsi atanyamula kale zikwama, kuopa kuti wina angaganize zoyamba kutola zitsulo kudzala.

Maphunziro akatha, katoni ya zipangizo ipite ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, itsekeredwe m'kabati, ndipo kiyi akhale ndi munthu amene akuyembekezera kusamutsidwa. Oyendera akadzabwera adzapeza loboti iliyonse ili yamphumphu, waya aliyense ali chipindire, ndipo adzalemba kuti katundu akusamalidwa bwino. Mphunzitsi amene akufunabe kugwira loboti ndi manja ake asataye mtima, asunge satifiketi yake pouma ndipo adikire maphunziro obwereza, omwe ayenera kuchitikira pa loji yomweyo.