Galimoto ya Amayi a Kubanki

Loweruka m'mawa, m'mbali mwa misewu ya Lilongwe mumandandalika ma Vitz, ma Sienta, ma Passo ndi tima Mira, matayala ali phuliphuli ndi polishi. Mukamva madobadoba, zonsezi mwini wake anali mmodzi: amayi ena a kubanki amene ankangopita kuntchito ndi kutchalitchi.

Wogula sabwera yekha. Amatenga alamu ake odziwa za galimoto, poti anakhalako kondakitala wa minibasi. Alamuwo amamenya theche tayala, kutsegula boneti, n'kuyang'ana injini mwakachetechete ngati akuona nkhope pamaliro. Kenako chigamulo: "Ili bwinobwino, alamu." Nthawi yonseyi mwini ndalama ali m'kati, akulimbana ndi wailesi imene ikukana masiteshoni ambiri, popeza mawailesi akale a ku Japan amalekeza pa 90 FM. Vuto limeneli ndi limene amakambirana kwa ola lathunthu.

Za mbiri ya galimoto palibe wofunsa. Inapangidwa mu 2009. Ku Japan mwini wake anaitaya itayamba kudya ndalama, chifukwa kumeneko galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imapimidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako si kotchipa. Inatsika sitima ku Dar es Salaam, n'kuthamangitsidwa makilomita oposa 800 mpaka pa Songwe. Kuno kwathu yanyamulapo maliro, zinkhoswe, matumba a chimanga ndi mbuzi. Koma pa dashibodi ikuti yangoyenda 68,000, pamene mphira wa pa buleki watha mpaka chitsulo kuonekera.

Dobadoba amadziwa ntchito yake. Injini waitenthetsa mbandakucha kuti isatsokomole pamaso pa alendo, ndipo wailesi akuikweza dala kuti kulira kwa giyabokosi kusamveke. Dzina la pa blue book ndi la munthu amene "ali ku Joni, koma abwera". COF yatsala masabata awiri.

"Bwana, kuli wina wa ku Area 47 akubwera ndi kashi masana ano."

Apa wogula amatuluka thukuta, n'kulipira.

Mwezi woyamba ndi wa ulemerero: makiyi pa tebulo, kutsuka kawiri pa tsiku, hutala pa geti ngakhale geti lili lotsegula. Wachiwiri ayamba kudziwika ku Biwi, kumene ogulitsa masipeya akumupatsa moni wa dzina. Kumeneko ndiko amamva kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya umatchulidwa wofunsa atakhala pansi. Wachitatu galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba. Anansi akafunsa, yankho n'lakuti ili pa sevisi.

Makaniko wa m'dera lawo anadzipereka kukaiona isanagulidwe, angomupatsa ya kabaza ndi ya sopo. Wogula anakana, ati n'kuwononga ndalama. Makaniko yemweyo ndi amene wachotsa giyabokosi, ndipo akufuna theka la malipiro asanagwire sipanala.